Liwu loti "embalming" papepala la malemu achimwene: likutanthauzanji, nanga linachokera kuti?

Nangozo wa ku Ntcheu

Moni nonse. Pepani kuti ndikubweretsa nkhani ya maliro, koma ndasowa wofunsa.

Mwezi wathawu tinaika achimwene anga omwe anamwalirira ku Johannesburg. Anakhala ku Joniko zaka zisanu ndi zinayi, ntchito yawo inali yosoka. Thupi linabwera pagalimoto, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Kuchokera tsiku lomwe anatisiya mpaka tsiku loika panadutsa masiku 16, poti anzawo a kumeneko ankasonkha ndalama pang'onopang'ono. Bokosi linafika ndi envelopu yodzaza mapepala, ndipo limodzi mwa mapepalawo linalembedwa pamwamba kuti Embalming Certificate.

Amayi athu sawerenga Chingerezi, koma si munthu woti kanthu kangawadutse. Maliro atatha anandikhazika pakhonde kuti ndiwawerengere pepala lililonse. Nditafika pa limeneli ndinangoti, "Apa akunena kuti anawabaya mankhwala kuti thupi lisawonongeke panjira." Iwo anati zobayazo akuzidziwa, ngakhale ku mochale kwathu kuno amabaya, koma akufuna amve chomwe liwu lenilenilo likunena. Ine kakasi. Ndiye mwana wa achemwali anga, ali Fomu 3, analowerera n'kuti m'kati mwa liwulo muli balm, ndipo balm ndi mafuta odzola ngati Zam-Buk uja. Amayi nkhope inawala. "Kani anamudzoza mafuta mwana wanga, ngati mmene anachitira ndi Ambuye Yesu!" Kuyambira tsikulo aliyense wobwera kudzapepesa akumuuza zomwezo.

Koma inetu ndinali pafupi pomwe anatsegula kuti tione nkhope. Fungo lomwe linatuluka silinali la mafuta ayi. Linali lolasa m'mphuno, maso mpaka kuyabwa, ngati la m'labu ya kusekondale. Nkhope inali bwinobwino ngati agona, koma nditakhudza pachipumi panali gwa ngati thabwa.

Ndiye odziwa Chingerezi ndi zachipatala, tandithandizani. Mwanayu ananena zoona kapena anangopeka? Liwuli linachokera kuti? Nanga ngati likunena za mafuta onunkhira, chomwe ndinanunkhiza chija chinali chiyani? Sindikufuna kunamiza amayi, komanso sindikufuna kuwalanda chomwe chikuwatonthoza.

Aphunzitsi Opuma, Zomba

Mayi Nangozo, pepani ndi zovutazi, mupepesenso amayi kumudziko. Ndagwira choko zaka 31 ndikuphunzitsa Chingerezi, ndipo ndikuuzeni kuti mwanayo sanapeke. Akanakhala wa m'kalasi mwanga ndikanamupatsa 7 pa 10. Atatu otsalawo ndi awa.

Liwu loti embalm lili ndi zigawo ziwiri, em- ndi balm. Em- ameneyu ndi en- yemwe amatanthauza kuika chinthu m'kati mwa chinzake, kungoti n akakumana ndi b amasanduka m. Ngakhale ife timati mbuzi, sititi nbuzi, milomo ndiyo imalamula. Choncho embalm ndi kuika m'mafuta onunkhira, kapena kuika zonunkhira m'kati mwa chinthu.

Angerezi sanalipange okha. Anthu a ku Normandy atalanda dziko la England mu 1066, Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha mafumu, makhoti ndi anthu apamwamba kwa zaka mazana angapo, ndipo mawu ambiri analowa m'Chingerezi nthawi imeneyo. Lathuli likupezeka m'zolemba za m'ma 1300, ndipo ankalilemba kuti embaumen, kuchokera ku liwu la Chifalansa loti embaumer. Balm wa Chifalansa ndi baume, kale ankati basme. Afalansa analitenga ku Chilatini, balsamum. Aroma analitenga kwa Agiriki, balsamon. Agiriki nawo analimva kwa amalonda a kum'mawa omwe ankawagulitsa katunduyo. M'Chiheberi zonunkhira amati bosem, ndipo mkazi wina wa Esau m'buku la Genesis, Basemati, dzina lake likuchokera pamenepo, ngati mmene kuno tingatchire mwana kuti Nunkhira. Liwu linayenda ndi katundu wake, monga mmene sopo, buledi ndi nsapato zinafikira kwathu kuno ndi mayina ake omwe.

Katunduyo ndiye anali chiyani? Unali utomoni wa kamtengo kena kakafupi komwe kamamera ku Arabia, ndipo kale kankalimidwa m'minda ya ku Yeriko ndi ku En Gedi, m'mbali mwa Nyanja Yakufa. Pliny, Mroma yemwe anafa phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79, analemba kuti mtengowu unkalimidwa ku Yudeya kokha, m'minda iwiri ya mfumu. Analembanso kuti potema khungwa kuti utomoni utuluke ankagwiritsa ntchito mwala, fupa kapena galasi, poti ankakhulupirira kuti chitsulo chimapha mtengowo. Utomoniwo unkadontha pang'onopang'ono, n'chifukwa chake unali wodula moti ndi mafumu okha ankalimbirana. Josephus, wolemba mbiri ya Ayuda, akuti Mark Antony, mkulu wa asilikali a Chiroma, anapereka minda ya ku Yeriko ija kwa Cleopatra, mfumukazi ya ku Igupto, ngati mphatso, ndipo Herode, mfumu ya ku Yudeya, anachita kuibwereka kwa mayiyo n'kumalipira lendi. Taganizani, mfumu kulipira lendi pa munda wa m'dziko lake lomwe. Kenako liwuli linafutukuka n'kumanena mafuta alionse onunkhira kapena oziziritsa pabala. Apo ndi pomwe Zam-Buk wa mwana wa achemwali anuyo akulowera.

Pali kanthu kena komwe ana asukulu ankandivutitsa nako chaka ndi chaka. "Sala, bwanji l ameneyu sitimutchula?" Zoona, timati embaam, osati embalumu. Chifukwa chake n'choti pamene liwuli linkalowa m'Chingerezi munalibe l, Afalansa anali atamutaya kalekale. Cha m'ma 1500 anthu ophunzira ku England anatengeka ndi Chilatini, n'kuyamba kubwezera zilembo m'mawu kuti aoneke ngati makolo awo a Chilatini. Poona kuti balsamum ali ndi l, anamulowetsa mu embalm. Momwemonso anaika b mu debt ndi doubt, ndi l mu salmon. Cholembera chinavomera koma pakamwa panakana, ndipo mpaka lero ana athu akulephera sipelo chifukwa cha matama a anthu omwe anafa zaka 500 zapitazo.

Chomaliza, ndipo ichi chimandisangalatsa. Kwa Afalansa embaumer mpaka lero ali ndi matanthauzo awiri. Ndi kukonza mtembo, komanso ndi kununkhiritsa malo. Maluwa akadzaza fungo pabwalo, kapena ndiwo zikanunkhira nyumba yonse, amagwiritsa ntchito liwu lomweli. Ndiye kumbali ya liwu, amayi sanalakwe. Za fungo lomwe munamvalo ndisiyire a zachipatala, ine choko changa chathera apa.

Wa ku Mochale

Achemwali, pepani. Ine ndinagwirako ku mochale wa chipatala china cha m'boma zaka zisanu ndi chimodzi ndisanasinthe ntchito. Zomwe anena Aphunzitsizi ndazimva koyamba lero, ife tinkangoti "kubaya" kapena "kupanga embalm", osadziwa n'komwe kuti muli maluwa m'katimo. Ndinena mosabisa koma mwaulemu, poti ndi achimwene anu.

Chomwe munanunkhiza ndi formalin. Ndi mpweya wotchedwa formaldehyde wosungunulidwa m'madzi. M'chigubu amabwera wamphamvu, pafupifupi magawo 37 pa 100, ndiye timasungunula kaye tisanagwiritse ntchito. Thupi timalisambitsa, kuwongola manja ndi miyendo, kutseka maso ndi pakamwa. Kenako timacheka pang'ono pomwe pali mtsempha waukulu, ena pakhosi pafupi ndi phewa, ife tinkakonda pantchafu. Mankhwala amalowa mumtsempha womwe unkapereka magazi m'thupi, ndipo magazi amatulukira mumtsempha wina wapambali pake. Ndiye kuti mankhwalawo amayenda njira yomwe magazi ankayenda, mpaka kufika kunsonga za zala. Amalowa malita angapo, kutengera kukula kwa munthu. M'mimba ndi m'chifuwa ndi momwe kuwonongeka kumayambira, ndiye mumathiridwa ena amphamvu padera. Makampani a zamaliro a ku Joni ali ndi makina opopera, komanso amasakaniza kautoto kofiirira kuti nkhope isatuwe. N'kutheka n'chifukwa chake munawaona ngati agona.

Kulimba kwa pachipumi kuja ndi ntchito ya mankhwalawo. Amamanga mnofu kuti ulimbe, ngati mmene dzira limalimbira likaphikidwa, ndipo tizilombo toyambitsa kuwola timafa n'kusowanso chodya. Dokotala wina wa ku Germany, Ferdinand Blum, ndiye anazindikira zimenezi mu 1893, ataona kuti khungu la zala zake lalimba atagwira mankhwalawa. Ineyo ndikuchitira umboni, tsiku lina magolovesi atang'ambika chala changa chinakhala ngati chikopa cha ng'oma sabata yathunthu. Si mankhwala osewera nawo. Amalasa m'maso ndi pakhosi, ndipo kwa munthu wowapuma zaka zambiri amatha kuyambitsa khansa. Inu amene munangonunkhiza tsiku limodzi musade nkhawa.

Pepalalo ndi la anthu a pachipata. Thupi silingadutse malire atatu a mayiko popanda umboni woti lakonzedwa ndipo silingadwalitse anthu panjira. Ndege nazonso zimafuna pepala lomwelo.

Chimodzi chokha chomwe anthu amalakwitsa. Kubaya sikuti thupi likhala choncho mpaka kalekale. Kumangochedwetsa, kuti abale asonkhane, wa ku Mzuzu afike, wa ku Harare afike. Pansi pa nthaka zonse zimabwerera mwakale. Anthu ngati Lenin, mtsogoleri wakale wa ku Russia, yemwe thupi lake akulionetsabe ku Moscow chimwalirire mu 1924, ali ndi gulu la akatswiri lomwe limalisamalira nthawi ndi nthawi. Amenewo ndi ena.

Za kudzoza, musafulumire kutsutsa amayi. Tikamaliza tinkapaka mafuta kumaso ndi m'manja kuti khungu lisaume n'kuchita mawanga. Ife anali mafuta wamba a m'botolo, a kunjawo ali ndi akeake. Sindinaliko pokonza achimwene anu, koma wokonza aliyense wodziwa ntchito amapaka.

Abusa, Nkhoma

Mayi, Ambuye akhale nanu pa nthawi yowawitsayi. Aphunzitsi afotokoza bwino, koma pa nkhani ya Ambuye Yesu ndikufuna ndiwongole pang'ono, chifukwa izi timazisokoneza ngakhale ife olalikira pamaliro.

Thupi la Yesu silinakonzedwe kuti lisawole. Pa Yohane 19:39 Nikodemo anabweretsa mure wosakaniza ndi aloe, wolemera makilogalamu oposa 30, ndipo anakulunga thupi m'nsalu pamodzi ndi zonunkhirazo monga mwa mwambo wa Ayuda. Zonsezo zinali zakunja kwa thupi. Ayuda sankacheka kapena kuchotsa kanthu, ankaika maliro msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo. Zonunkhira zinali ulemu komanso zophimba fungo, sizinkaletsa kuwola. Umboni ndi Lazaro. Pa Yohane 11:39 Marita akukaniza kuchotsa mwala chifukwa mlongo wake wagona masiku anayi ndipo wayamba kununkha.

M'Baibulo lonse anthu omwe akunenedwa kuti anakonzedwa kuti asawole ndi awiri okha, Yakobo ndi mwana wake Yosefe, onse pa Genesis 50, ndipo onse anafera ku Igupto. Yosefe analamula asing'anga ake kuti akonze thupi la bambo ake, ntchitoyo inatenga masiku 40, ndipo Aigupto analira masiku 70. Mabaibulo a Chingerezi pamenepa amaika embalm. Koma Aphunzitsi, liwu la Chiheberi lomwe lili pavesi imeneyi si bosem wanu uja ayi. Ndi lina, chanat. Otanthauzira a ku England anangotenga liwu lomwe anali nalo pafupi. Ngakhale mankhwala otchuka a ku Gileadi a pa Yeremiya 8:22, omwe Angerezi amati balm, m'Chiheberi ndi tsori, liwu linanso.

Tsono taonani chifukwa chomwe Yakobo anakonzedwera. Nkhalambayo inalumbiritsa Yosefe kuti asaiike ku Igupto, koma akaigoneke kwa makolo ake kuphanga la Makipela ku Kanani. Anapita kudziko la eni pothawa njala, anafera komweko, ndipo ana ake ananyamula thupi ulendo wautali wa m'chipululu kukaliika kwawo. Yosefe naye, atafa ali ndi zaka 110, anamukonza n'kumuika m'bokosi, atalumbiritsa abale ake kuti asadzasiye mafupa ake. Mose anawanyamula potuluka, pa Eksodo 13:19, ndipo anakaikidwa ku Sekemu, pa Yoswa 24:32. Ndikanakhala ine wocheza ndi amayiwo, ndikanawawerengera Genesis 50. Pamenepo ndi pomwe pali mwana wawo.

Kanthu kena kongodutsa. Amalonda omwe anagula Yosefe kwa abale ake pa Genesis 37:25 ankachokera ku Gileadi, ngamila zawo zitasenza zonunkhira ndi utomoni kupita nazo ku Igupto. Mnyamatayo anapita ku ukapolo atatsagana ndi katundu wa mtundu womwewo umene Aigupto ankakonzera akufa awo.

Mnyamata wa ku Angónia

Pepani mayi. Kuno ku Mozambique pa Chipwitikizi timati embalsamar, l ndi s yemwe zonse timazitchula, balsamo akuonekeratu m'katimo. Ndiye zomwe akunena Aphunzitsi kuti Afalansa ndi omwe anataya zilembo ndazikhulupirira. Galimoto ya achimwene anuyo inadutsa pa mlatho wa Zambezi pa Tete, ndipo kutentha kwa pamenepo mukukudziwa. Popanda mankhwala aja simukanaona nkhope.

Che Mwenye, Mangochi

Pepani ndi zovuta, mayi. Abusa anditsegula maso ndi chanat wawoyo. Ife Asilamu sitibaya, pokhapokha lamulo likakamize chifukwa cha ulendo. Timasambitsa, madzi omaliza timaikamo kafuri, n'kukulunga mu sanda, ndipo timayesetsa kuika tsiku lomwelo. Zonunkhira zopaka maliro pa Chiarabu amazitcha hanut, ndipo kukonza mtembo kuti usawole amati tahnit. Mukatchula mokweza mumva kuti ndi liwu lomwelo la Abusa, Chiarabu ndi Chiheberi ndi pachibale. Abale athu ambiri akamwalirira ku Joni amaikidwa komweko pa chifukwa chomwechi, ndipo amayi awo kuno amangolandira foni ndi chikwama cha zovala.

Wa ku Chipata

Ndinangobwera kudzawerenga, koma Abusa atatchula zonyamula thupi kupita nalo kwawo ndakumbuka nkhani ya kwathu kuno ku Zambia, yomwe inachitika formalin asanayambe kugwiritsidwa ntchito.

David Livingstone anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, kumwera kwa dambo la Bangweulu. Panalibe mzungu wina aliyense. Anthu ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anagwirizana kuti thupi lipite kwawo. Chumayo anali Myao wa kwanu komweko, yemwe anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo kumapiri a Shire mu 1861 ali kamnyamata. Anamanga kampanda kopanda denga. Mmodzi mwa iwo, yemwe anagwirapo ntchito kwa dokotala ku Zanzibar, anatumbula n'kuchotsa zam'kati. Mtima anauika m'kabokosi kachitsulo n'kuukwirira pansi pa mtengo wa mpundu, womwe inu mumati muula, ndipo Jacob Wainwright, yemwe ankadziwa kulemba, anasema dzina pamtengopo. M'thupimo anathira mchere, m'kamwa anathiramo burande, n'kuliyanika padzuwa masabata awiri. Litauma analikulunga m'nsalu, kulilowetsa m'khungwa la mtengo, kukutira ndi chinsalu cholimba, n'kulimangirira kumtengo woti anthu awiri anyamule.

Anayenda nalo miyezi isanu ndi inayi, mtunda woposa makilomita 1,500, kudutsa m'midzi momwe kudutsa ndi mtembo wa mlendo unali mlandu waukulu. Pena anachita kulimanga ngati mtolo wa nsalu zamalonda kuti asazindikiridwe. Ku Tabora anakumana ndi azungu omwe anawauza kuti angoliika pomwepo, iwo anakana. Anafika ku Bagamoyo mu February 1874. Ku London madokotala anatsimikiza kuti ndi iyeyo poona fupa la mkono lomwe linathyoledwa ndi mkango zaka 30 m'mbuyomo, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey pa 18 April 1874.

Mabuku a Chingerezi pofotokoza zomwe anachita anthuwa amagwiritsa ntchito embalm yemweyo, chonsecho panalibe ngakhale dontho la mafuta onunkhira. Unali mchere, dzuwa ndi kachasu wa azungu. Anzawo a malemu omwe ankasonkha marandi ku Joni aja muwathokoze, ntchito yawo ndi ya Susi ndi Chuma.

Aphunzitsi Opuma, Zomba

Abusa, ndavomera, chanat sindinkamudziwa, ndamulemba kale m'kope. Ndabwereranso chifukwa mchere wa a ku Chipata wandikumbutsa zina.

Aigupto nawonso chomwe chinkasunga matupi awo sanali mafuta. Ankachotsa mapapo, chiwindi, chifu ndi matumbo n'kuziika m'mitsuko inayi, mtima n'kuusiya m'malo mwake. Kenako thupi ankalikwirira mu natron, mchere wachilengedwe womwe ankakumba kuchigwa chotchedwa Wadi el-Natrun. M'kati mwake muli soda wonga yemwe timathira m'therere, wosakanikirana ndi mchere wamba. Umayamwa madzi onse m'thupi. Mafuta, utomoni ndi nsalu zinkabwera pambuyo, thupi litauma kale. Herodotus, Mgiriki yemwe analemba za mwambowu zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, anagwiritsa ntchito liwu lomwe Agiriki ankanenera kuumitsa nsomba ndi mchere. Pepani mayi, sindikufanizira achimwene anu ndi nsomba, ndikungosonyeza kuti Agiriki anatchula ntchitoyi potengera mchere, pomwe Afalansa ndi Angerezi anaitchula potengera fungo. Ana a sayansi, chizindikiro Na cha sodium chija chikuchokera kwa natron yemweyu.

Mdzukulu wa Fomu 3 uja asadzakuuzeninso kuti mummy wa ku Igupto ndi "amayi". Mayina angofanana. Ameneyu akuchokera ku Persia, komwe mum ndi sera, ndipo mumiya chinali phula lakuda lotuluka m'mapiri lomwe ankaliyesa mankhwala. Matupi akale a ku Igupto ankaoneka akuda ngati apakidwa phulalo, dzina n'kusamukira pa matupiwo. Zinafika poti m'ma 1500 ndi 1600 ogulitsa mankhwala ku Ulaya ankapera matupi amenewa n'kumagulitsa ufa wake kwa odwala. Omwewo ankatitcha ife osatukuka.

Kubaya kudzera m'mitsempha komwe afotokoza a ku Mochale kunafala ku America pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Anyamata ankafera kum'mwera, makolo awo ali kumpoto akufuna kuwaika kwawo, ndipo sitima zapamtunda sizinkafuna kunyamula matupi onunkha. Okonza mitembo ankamanga matenti pafupi ndi kunkhondoko, ndipo ambiri ankagwiritsa ntchito poizoni wa arsenic. Pulezidenti wa America Abraham Lincoln atamwalira pa 15 April 1865 thupi lake linakonzedwa, linanyamuka pasitima ku Washington pa 21 April, n'kumaima m'mizinda kuti anthu aone nkhope, mpaka kufika kwawo ku Springfield pa 3 May. Anthu ataona zimenezo anayamba kuzifunira abale awo. Mankhwala anasintha kuchoka pa utomoni, kupita pa arsenic, kufika pa formalin, koma palibe anasintha liwu. Ndipo formalin yemweyo dzina lake likuchokera ku formica, nyerere pa Chilatini, poti asidi wachibale chake anayamba kumupeza potcheza nyerere.

Nangozo wa ku Ntcheu

Zikomo nonse, sindinayembekezere zochuluka chonchi. A ku Mochale, mwandimasula. Chipumi cholimba chija chinkandisowetsa tulo, ndinkaganiza kuti mwina anawasunga mufiriji mpaka kuuma, kapena pali china chomwe anatibisira.

Loweruka ndinapita kumudzi. Ndinawapeza amayi akusola chimanga pamkeka, ndinakhala nawo n'kuwauza kuti ndafunsa kwa odziwa. Ndinawauza kuti liwulo ndi lakalekale, linachokera ku dzina la mafuta onunkhira a mtengo wa ku Yeriko. Atamva Yeriko anasiya chisononkho. Ndinawauzanso kuti masiku ano chomwe chimasunga thupi ndi mankhwala obaya aja, mafuta amangopaka kumaso ndi m'manja pomaliza. Anangoti, "Ndiye kuti anamupakabe." Ndinati eya. Za kucheka ndi za magazi sindinatchule, ndipo sindidzatchula.

Kenako ndinawawerengera Genesis 50 monga ananenera Abusa. Anamvetsera mpaka pomwe ana a Yakobo anafika ndi thupi kuphanga lija, n'kundifunsa kuti kuchokera ku Igupto kukafika ku Kanani ndi kutali kuposa ku Joni kapena ayi. Ndinati ku Joni ndiye kutali. Anati, "Ndiye mwana wanga anayenda kuposa Yakobo." Atatero anandituma kuti ndifunse mayina a anyamata onse omwe anasonkha ndalama, akufuna akawatumizire ufa ndi nyemba pa basi ya ku Joni mwezi wamawa.

Pepala lija alichotsa mu envelopu, alipinda kanayi, aliika m'Baibulo lawo pa Genesis. Mwana wa Fomu 3 uja ndamuuza kuti Aphunzitsi amupatsa 7 pa 10, akuti akufuna apange apilo.